Makobiri 7 pa mlungu: chifundo cha amisiri akale a ku Ulaya chinkafika pati?

Funso: Ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina. Pokonzekera phunziro la mizinda ya ku Ulaya ya zaka za m'ma 1200 mpaka 1500, ndapeza kuti mabuku akutsutsana. Ena akuti mabungwe a amisiri ankasamalira odwala, amasiye ndi okalamba ngati abale a bere limodzi. Ena akuti anali timagulu ta anthu odzikonda, totsekereza anzawo kuti mitengo ikwere. Nanga ana ndiwauze ziti?

Aphunzitsi, mabuku anuwo onse sakunama. Kungoti olemba ake aima mbali ziwiri za mpanda umodzi, wina mkati, wina kunja. Ndipo chimene ndingakonde kuti anawo agwire ndi chakuti chifundo chija ndi kutsekereza kuja sizinali nkhani ziwiri. Kawirikawiri zinkalembedwa papepala limodzi, ndi anthu amodzimodzi, tsiku limodzi.

Tiyambe ndi dzina. Angerezi amati guild, mawu ochokera ku liwu lakale lotanthauza chopereka kapena malipiro. Ataliyana ankati arte, Ajeremani Zunft, Afalansa métier. Dzina lachingerezilo likuulula kale kuti pakati pa zonse panali msonkhamsonkha. Bungwe lotere linali ndi nkhope ziwiri. Nkhope ina inali ya ntchito: ndani aloledwe kutsegula shopu, wophunzira ntchito akhale zaka zingati m'manja mwa bwana wake, katundu wabwino ndi wotani. Ku London zaka zophunzirazo zinali zosachepera 7. Nkhope inayo inali ya kutchalitchi: gulu la abale ndi alongo okhala ndi woyera wawo ngati nkhoswe, guwa lawo, kandulo yawo ndi bokosi la ndalama. Osoka nsapato nkhoswe zawo zinali Crispin ndi Crispinian, osula golide a ku Paris anali ndi Eloi, anzawo a ku London anali ndi Dunstan, atelala a ku London anali ndi Yohane Mbatizi. Nthawi zambiri gulu la kutchalitchilo ndilo linkayamba, zamalondazo n'kumerera pamwamba pake.

Ndikuonetseni pepala limodzi, chifukwa likuyankha funso lanu kuposa momwe ine ndingayankhire. Mu 1346 ofufuta zikopa zoyera a ku London, aja ankakonza zikopa zofewa zopangira magolovesi ndi zikwama, anapita kwa meya ndi malamulo awo. Lamulo loyamba penipeni silikamba za zikopa. Likuti adzasunga kandulo yoyaka pamaso pa chifanizo cha Amayi Maria m'tchalitchi cha All Hallows, pafupi ndi linga la mzinda. Kenako likubwera bokosi, limene aliyense aziponyamo. Mmisiri akasauka chifukwa cha ukalamba kapena kulephera kugwira ntchito, azilandira makobiri 7 pa mlungu kuchokera m'bokosimo, bola akhale munthu wa mbiri yabwino. Akamwalira, mkazi wake azilandira makobiri 7 omwewo, bola naye akhale wa mbiri yabwino ndipo asakwatiwenso. Wina ntchito ikamuchulukira m'nyumba moti zikopa zikhoza kuwonongeka, anzake apite akamuthandize. Wina akamwalira alibe chomuikira, bokosi limuike, ndipo onse a ntchitoyo akachezere pamaliropo ndi kupereka chopereka m'mawa mwake.

Mpaka apa munthu ungagwetse msozi. Koma werengani pansi pang'ono papepala lomwelo. Mlendo saloledwa kugwira ntchito imeneyi pokhapokha ngati ali wophunzira ntchito kapena wapatsidwa ufulu wa mzinda. Ndipo wantchito akachitira mwano bwana wake, pasapezeke aliyense wa ntchitoyi womulemba kufikira atakapepesa pamaso pa meya. Taganizani mnyamata amene wayambana ndi bwana wake pankhani ya malipiro. Mawa lake akazungulira mashopu onse a zikopa mumzindamo, aliyense akumupukusira mutu. Umodzi womwe uja unkapereka makobiri 7 kwa mayi wamasiye ndi womwenso wamutsekera zitseko zonse.

Tsono makobiri 7 anali ndalama yotani? Agogo athu amene anagwirapo ndalama za Angerezi kwacha isanabwere mu 1971 akukumbukira kuti makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Kawerengedwe kake kanali komweko ku England wa m'ma 1300. Mu 1350 akuluakulu a mzinda wa London anaika malipiro a kalipentala pa makobiri 6 patsiku m'miyezi ya dzuwa. Ndiye kuti thandizo la mlungu wathunthu linkangoposa pang'ono malipiro a tsiku limodzi. Kobiri limodzi patsiku. Linali la buledi ndi kamowa kakumezera, loti munthu asafe ndi njala komanso asakakhale pakhomo la tchalitchi akutambasula dzanja. Chachiwirichi chinali chofunika kwambiri kwa bungwe kuposa momwe tingaganizire, chifukwa mmisiri wopemphetsa pamsewu ankanyazitsa ntchito yonse.

Akalipentala a ku London anali owolowa manja kuposa pamenepo. Malamulo awo a 1333 akuti m'bale kapena mlongo akadwala kapena kuvulala, mwina kugwa padenga, azilandira makobiri 14 pa mlungu akatha milungu iwiri ali gone. Akutinso ngati wina akusowa ntchito ndipo mnzake ali nayo yambiri, ayambe walemba m'bale wakeyo asanayang'ane kwina. Koma chopereka cha munthu aliyense chinali makobiri 12 pa chaka. Apa, Aphunzitsi, apatseni anawo samu. Makobiri 14 kuchulukitsa ndi milungu 52 ndi makobiri 728. Gawani ndi 12. Mupeza kuti wodwala mmodzi yekha wa chaka chathunthu ankadya zopereka za anthu pafupifupi 61, kandulo isanagulidwe, wansembe asanapatsidwe kake. Odwala atatu nthawi imodzi, bokosi lauma. Samu imeneyi ikukuuzani kuti lonjezo lapapepala silikanatheka kukwaniritsidwa kwa aliyense, ndipo kumene mabuku a ndalama anapulumuka, timaona zomwezo: olandira thandizo la mlungu ndi mlungu anali owerengeka, pomwe ndalama zambiri zinkapita ku sera, Misa ndi phwando.

Timadziwa zambiri za ku England chifukwa cha mantha a boma. Mu 1388 Nyumba ya Malamulo itakumana ku Cambridge, nthawi ya mfumu Richard II, inalamula kuti mabungwe onse alembe chiyambi chawo, malamulo awo ndi chuma chawo, n'kutumiza ku London. Panali patangopita zaka 7 chichitikireni chipolowe chachikulu cha anthu wamba cha 1381, ndipo akuluakulu sankagona tulo akamva za anthu olumbirirana mwa okha. Maso analinso pa chumacho. Mayankho oposa 500 alipo mpaka lero. Ambiri ndi a magulu a pa parishi, osati a ntchito imodzi, koma malamulo awo amafanana kwambiri ndi a amisiri. Mwa onsewo, amene analonjeza kuthandiza membala wosauka ndi pafupifupi limodzi mwa atatu aliwonse. Otsalawo za umphawi sanatchule n'komwe.

Ndipo olonjezawo ankaika zingwe. Gulu la ku St James Garlickhithe ku London, lomwe linayamba mu 1375, linkapereka makobiri 14 pa mlungu kwa amene wakhala membala zaka 7 akulipira bwinobwino. Magulu ambiri ankanena mosabisa kuti thandizo ndi la amene wasauka chifukwa cha moto, akuba, matenda kapena ukalamba, osati chifukwa cha kupusa kwake. Wotchova njuga, chidakwa, wandewu, ameneyo azionere yekha. Woweruza kuti uyu wagwa ndi tsoka, uyu wadzigwetsa yekha, anali akuluakulu a bungwe, anthu amene ankakudziwa kuyambira uli mnyamata wosesa m'shopu. Choncho bokosi lija linali ngati chikwapu chobisika. Munthu ankadzisunga, osati chifukwa choopa apolisi, koma poopa kuti tsiku lakugwa anzake adzati, uyu timamudziwa, asalandire.

Pali chinthu chimodzi chimene pafupifupi bungwe lililonse linkalonjeza ndipo linkachitadi, ndicho maliro. Apa ndi pamene ndimaona kuti ife timawamvetsa anthu amenewa msanga kuposa momwe zidzukulu zawo za ku Ulaya zimawamvetsera lero, chifukwa kwathu tikati maliro n'kulirana palibe amafunsa tanthauzo. Mizinda ya nthawi imeneyo inkadzaza ndi anthu obwera kuchokera kumidzi, osiya abale kutali. Munthu wotere mantha ake aakulu sanali njala yokha. Anali kufa ngati galu, kuponyedwa m'dzenje popanda womulira. Bungwe linkamuchotsera mantha amenewo. Linali ndi nsalu yake yokongola yophimbira maliro, miyuni yake ndi makandulo ake. Mamembala onse ankayenera kupezeka, ndipo wojomba popanda chifukwa ankalipira chindapusa. Akalipentala aja analemba kuti m'bale akamwalirira kunja kwa London, pamtunda wosaposa mamailosi 12, apite akamutenge.

Chinkachititsa zimenezi kukhala zolemera kwambiri ndi chikhulupiriro cha Purigatoriyo, chimene Mpingo unachifotokoza momveka pa msonkhano wa ku Lyon mu 1274. Anthu ankakhulupirira kuti mzimu wa womwalira umayamba wayeretsedwa, ndipo mapemphero ndi Misa za amoyo zimafupikitsa nthawiyo. Wolemera ankasiya chuma choti wansembe azimupempherera yekha. Telala wamba sakanatha. Koma atelala 50 akasonkherana ankatha kulipira wansembe mmodzi wotchula mayina a akufa awo onse chaka ndi chaka. Ndiye kuti kuchotsedwa m'bungwe sikunali kutaya makasitomala okha. Kunali kufufutidwa pamndandanda wa opemphereredwa. Mliri wa 1348 ndi 1349, uja amautcha Black Death, utapha pakati pa munthu mmodzi mwa atatu ndi theka la anthu onse, ambiri ataikidwa m'manda a chigulu, magulu oterewa anachuluka kwambiri. Aliyense anali ataona ndi maso ake kuti kufa popanda mwambo n'kotani.

Chikhulupiriro chomwechi ndicho chikufotokoza chifundo chawo kwa anthu akunja. Pamaliro a membala ankagawa buledi kapena timakobiri kwa osauka, koma osaukawo ankayembekezeka kubweza ndi pemphero, popeza pemphero la wosauka linkaonedwa kuti limamveka msanga kumwamba. Kupatsa kunali kuika, ndipo iwo sankachita nazo manyazi kunena choncho.

Phwando la pachaka musalipeputse pophunzitsa. Pa tsiku la nkhoswe yawo ankavala zovala zofanana, kuyenda pa mdipiti kupita ku Misa, kenako kukadya ndi kumwa pamodzi. Amene anali pa udani ankayanjanitsidwa pamenepo. Malamulo ambiri ankaletsa membala kukasumira mnzake kukhoti asanayambe watula nkhaniyo kwa akuluakulu a bungwe, ndipo wotukwana mnzake paphwando ankalipitsidwa sera, yomwe inkakasanduka kandulo ya paguwa. Ndimaikonda nzeru imeneyi, yoti mwano wako ukayake pamaso pa woyera. Atelala a ku Lincoln anali ndi mwambo wina wokoma: m'bale akanyamuka ulendo wachipembedzo wa ku Yerusalemu, aliyense ankamupatsa kobiri, wa ku Roma theka la kobiri, n'kumuperekeza mpaka kunja kwa chipata cha mzinda. Ku York, pa chikondwerero cha Thupi ndi Magazi a Ambuye, ntchito iliyonse inkachita sewero lake la m'Baibulo pangolo. Okhoma zombo ankachita za chombo cha Nowa, ophika buledi za Mgonero Womaliza, osula golide za anzeru akum'mawa. Mzinda wonse unkaona kuti ndani ali ndi gulu, ndani alibe.

Zachifundo zazikulu zooneka ndi maso zinalipo ndithu, ndipo zina n'zogometsa. Cha m'ma 1268 mkulu woyang'anira mzinda wa Paris, Étienne Boileau, analembetsa malamulo a ntchito pafupifupi 100. Osula golide analemba kuti Lamlungu ndi masiku a zikondwerero mashopu onse azitseka kupatula imodzi, mosinthanasinthana, ndipo phindu la shopu yotsegulayo lizilowa m'bokosi. Ndalama zimenezo ankaphikira chakudya odwala osauka a m'chipatala cha Hôtel-Dieu pa Pasaka chaka chilichonse. Onani kuchenjera kwake: lamulo limodzi likusunga Sabata, likuletsa wina kugulitsa anzake atatseka, ndiponso likudyetsa odwala. Ophika nyama a mumzinda womwewo ankapatula gawo limodzi mwa magawo atatu a zindapusa kuti lithandize okalamba osauka a ntchito yawo. Ku Florence, ku Italy, bungwe la a silika ndilo linayang'anira ntchito yomanga nyumba ya ana otayidwa, Ospedale degli Innocenti. Anayamba mu 1419, wojambula mapulani anali Filippo Brunelleschi, ndipo inalandira mwana woyamba mu 1445. Ku London atelala anamanga timanyumba ta okalamba awo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, ndipo Richard Whittington, wamalonda wolemera amene anakhalapo meya wa mzindawo, atamwalira mu 1423, chuma chake chinamanga nyumba ya osauka 13 imene bungwe la a Mercers, amalonda a nsalu zamtengo wapatali, linapatsidwa kuti liziyang'anira. Koma zindikirani kuti ochita zazikuluzi anali mabungwe a anthu olemera, ambiri mwa iwo amalonda kuposa amisiri a manja. Gulu la oluka madengu silinamangepo chipatala.

Tsopano tituluke kunja kwa mpanda, komwe kunali anthu ambiri.

Florence yemweyo, wa nyumba yokongola ya ana amasiye, anali ndi mabungwe 21, akuluakulu 7 ndi ang'onoang'ono 14. Zikwi za anthu otsuka, opesa ndi opota ubweya wa nkhosa, amene chuma cha mzindawo chinkachokera m'manja mwawo, sankaloledwa kukhala ndi bungwe. Anali pansi pa bungwe la eni nsalu popanda mawu. Mu 1345 wopesa ubweya wina, Ciuto Brandini, anayamba kusonkhanitsa anzake ndi kutolera zopereka kuti nawonso akhale ndi gulu. Anamupachika. Chimene mabwana ankachitcha ubale wachikhristu akamachita iwo, antchito akachita chinkatchedwa chiwembu. Mu 1378 antchitowa, otchedwa Ciompi, anaukira ndipo anapatsidwa mabungwe atatu atsopano, koma la a Ciompi enieniwo linathetsedwa patangotha milungu yochepa, ndipo awiri enawo anatha mu 1382.

Ku London mu 1396 mabwana osoka zishalo za akavalo anakadandaula kwa meya kuti anyamata awo olembedwa ntchito ali ndi gulu lawolawo, amavala zofanana ndi kupita ku Misa pamodzi, koma kupemphera konseko n'chiphimbamaso chabe, cholinga chawo ndi kukweza malipiro. Anyamatawo anati iwo amangolemekeza Amayi Maria. Ine ndimakhulupirira kuti onse ankanena zoona, chifukwa anthu amene amaikana maliro sachedwa kuyamba kukambirana za malipiro. M'mizinda ya Ajeremani magulu a anyamata oterewa anakula kwambiri, mpaka ena kumalipirira mabedi kuchipatala kuti mnzawo akadwala kutali ndi kwawo apeze pogona. Ku Colmar, mzinda umene lero uli ku France, mu 1495 anyamata ophika buledi anatuluka mumzinda, kunyanyala ntchito, chifukwa analandidwa malo awo aulemu pa mdipiti wa Ukaristia. Mkanganowo unatha zaka 10. Ana anu adzaseka kuti anthu anganyanyale zaka 10 chifukwa cha malo pamzere. Auzeni kuti malo amenewo ndiwo ankauza mzinda wonse kuti iwo ndi anthu, osati zida za bwana.

Amayi nkhani yawo ndi yosakanikira. M'magulu a kutchalitchi ankalowa ngati alongo, ndipo mayi wamasiye nthawi zambiri ankaloledwa kupitiriza shopu ya mwamuna wake, ngakhale kuti m'malo ambiri ufuluwo unkatha akakwatiwa ndi munthu wa ntchito ina. Ku Paris kunali mabungwe a amayi opota silika, ndipo ku Cologne, ku Germany, amayi opanga ulusi anapatsidwa bungwe lawo mu 1397, a silika mu 1437. Koma amenewa anali ochepa, ndipo utsogoleri pafupifupi konse unali wa abambo. Ayuda sakanalowa m'gulu lolumbira pa woyera ndi kusonkhera Misa, choncho ntchito zambiri za manja zinawatsekekera. M'mizinda yambiri ya Ajeremani, chakumapeto kwa nyengoyi, ngakhale mwana wobadwa kunja kwa ukwati ankakanidwa.

Akatswiri a mbiri amagawanika pomwe mabuku anu agawanikirapo. Gervase Rosser amatsindika kuti magulu amenewa ankaphunzitsa alendo kukhulupirirana ndi kupanga ubale pamene panalibe magazi. Sheilagh Ogilvie, ataunika mabungwe ambirimbiri a ku Ulaya konse, amati phindu lawo linkapita kwa mamembala, mtengo wake n'kulipiridwa ndi ogula, antchito, amayi ndi onse otsekeredwa kunja, ndipo zachifundo zinali kagawo kakang'ono ka ndalama zawo. Pa nkhani ya ndalama ndili kumbali ya mayi Ogilvie, samu ya akalipentala ija ikuwavomereza. Pomwe ndimasiyana nawo pang'ono ndi poyeza chifundocho ndi makobiri okha. Mnzako kukulemba ntchito iwe usanapemphe, kukukongoza chikopa, kukuikira umboni kukhoti, kutenga mwana wako wamasiye kuti aphunzire ntchito m'shopu mwake, zimenezi sizinkalembedwa m'buku la msungichuma, koma ndizo zinkachititsa munthu kulipira makobiri 12 chaka ndi chaka ngakhale akudziwa kuti mwina sadzalandirapo kanthu m'bokosi.

Ku England mbali ya kutchalitchiyo inatha mwadzidzidzi. Boma la mfumu Edward VI litakana chiphunzitso cha Purigatoriyo, lamulo la 1547 linathetsa magulu opempherera akufa ndi kulanda chuma chawo. Timagulu ta m'maparishi tinafera pomwepo, pamodzi ndi timabokosi tawo. Mabungwe akuluakulu a ku London anapulumuka ponena kuti iwo ndi a ntchito, ngakhale anataya gawo la chuma limene linali la Misa, ndipo ambiri anachita kuliwombola kwa mfumu ndi ndalama. Ena alipo mpaka lero, monga a Mercers, a Merchant Taylors (atelala aja) ndi a Carpenters (akalipentala aja), ndipo ntchito yawo yaikulu tsopano ndi masukulu ndi nyumba za okalamba. Nyumba ya Whittington ija ikadalipo, inangosamukira kunja kwa London. Za makandulo, malamulo a chaka chomwecho cha 1547 anangolola awiri okha m'tchalitchi, a paguwa lalikulu.